Mwana wafika kumene ku England: m'kalasi mumachitika zotani?

[Wolankhula waima pageti la sukulu, m'mawa kukuzizira]

Moni nonse. Ambiri mwabwera kuno ku England ndi ana, ena pa ntchito ya unamwino, ena pa sukulu. Lero tikambe za mwana amene walowa m'kalasi Chingerezi asanachigwire.

Chimene chimadabwitsa makolo poyamba n'chakuti kuno mwana amamuika m'kalasi potengera zaka zake, osati zimene akudziwa. Wa zaka 9 akalowa Year 4 kapena Year 5, ngakhale asakudziwa kupempha kupita kuchimbudzi m'Chingerezi. Zobwereza kalasi monga kwathu kuno n'zosowa. Sukulu imamulemba kuti ndi wa EAL, kutanthauza kuti Chingerezi ndi chinenero chongoonjezera pa chake. Sali yekha ayi: m'sukulu za boma za ku England, pa ana asanu alionse mmodzi ndi wotere.

Kale ana amenewa ankawapatula n'kumawaphunzitsira kwaokha. Mu 1985 lipoti la komiti ya boma lotchedwa Swann linatsutsa mchitidwewu, ndipo mu 1986 bungwe lolimbana ndi tsankho la Commission for Racial Equality litafufuza m'sukulu za m'dera la Calderdale linapeza kuti kupatula anawo kunali tsankho. N'chifukwa chake lero thandizo limamupeza mwana m'kalasi momwemo.

[Pasikirini: kalasi, ana atazungulira matebulo]

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 10, wafika kuchokera ku Zomba. Aphunzitsi akumufunsa dzina, iye wazolika, maso ali pansi, akuyankha chonong'ona. Kwathu timati mwanayu analeredwa. Koma aphunzitsi a kuno angaganize kuti ndi mwano kapena akubisa kanthu, chifukwa iwo amafuna mwana aziwayang'ana m'maso. Makolo, kafotokozeni nokha zimenezi tsiku loyamba lomwelo, musadikire kuitanidwa.

Ndiye pali kukhala duu. Ana ambiri ofika kumene amatha milungu, ena miyezi ingapo, osatsegula pakamwa m'kalasi. Si matenda, si liuma. Khutu lili pa ntchito. Mphunzitsi wodziwa ntchito yake samukakamiza kuyankha pagulu. Amamutuma kugawa mabuku, amamulola kuloza chithunzi kapena kujambula yankho, amamupatsa mawu ofunika a phunziro la mawa kuti akawaonere kunyumba. M'sukulu zina muli ana ophunzitsidwa kulandira anzawo achilendo; ku Hampshire anayambitsa pulogalamu yotere yotchedwa Young Interpreter Scheme.

Chimene chimandinyansa ine n'chakuti nthawi zina mwanayu amamukhazika patebulo la ana amene sukulu ikuwavuta, ngati kusadziwa Chingerezi ndi umbuli. Pomwe masamu ogawa mwina amawakhoza kuposa kalasi yonse! Malo ake ndi pakati pa ana olankhula bwino, kuti azitola mawu pakamwa pawo.

[Pasikirini: zaka 2, kenako zaka 5 mpaka 7]

Tsopano apa tcherani khutu. Katswiri wina wa zamaphunziro ku Canada, Jim Cummins, anasiyanitsa Chingerezi chochezera ndi Chingerezi cha m'mabuku. Chochezera mwana amachigwira m'zaka ziwiri kapena asanakwanitse n'komwe. Cha m'mabuku chimatenga zaka 5 mpaka 7. Ngozi ili pamenepa. Pakatha chaka mwana uja akubwebweta ndi anzake, lilime lapindika ngati wobadwira ku Leeds, inu mukumujambula vidiyo kutumizira agogo ake pa WhatsApp. Aphunzitsi nawo akuti basi wachita bwino, thandizo n'kulichotsa. Koma m'masamu akumana ndi mawu akuti "table", iye akuganiza tebulo lodyerapo, pomwe akunena ndandanda ya manambala. Akumana ndi "volume", iye akudziwa ya pa wailesi. Funso limugwetsa pa mawu amodzi, masamuwo akuwadziwa. Kwa wofika ali ndi zaka 14 zimathina kwambiri, poti mayeso akuluakulu a ku sekondale otchedwa GCSE akumudikira pa zaka 16.

Pali muyeso wa Chingerezi cha mwana wa magawo asanu, kuyambira A, wongoyamba kumene, mpaka E, wodziwa bwinobwino. Boma linalamula sukulu kuti zizilemba gawo la mwana aliyense mu 2016, n'kusiya mu 2018. Kwa ine kusiyako kunali kulakwitsa. Komabe sukulu zambiri zimagwiritsabe ntchito muyesowu, makamaka wa bungwe la Bell Foundation. Tsiku lokumana ndi aphunzitsi musakhutire ndi mawu akuti akuchita bwino. Funsani kuti ali pa gawo liti polankhula, nanga powerenga, nanga polemba.

[Wolankhula ali m'khitchini]

Kunyumba musaletse Chichewa poganiza kuti mukumuthandiza. Nzeru imene mwana waimvetsa m'chinenero chake safunika kuiphunziranso, amangoiveka dzina latsopano. Akabwera ndi homuweki ya sayansi yokhudza mmene madzi amasandukira nthunzi, musalimbane ndi Chingerezi chothyokathyoka. Mufunseni kuti, "Iwe, zovala zija tinkayanika pachingwe kumudzi, madzi ake ankapita kuti?" Mukangane, aloze nthunzi ya pampoto wa nsima. Mawu akuti "evaporation" akawapeza mawa kwa aphunzitsi.