Eyakoni mu Peugeot 504 yakale: gasi SATHA, musanamizidwe!

[Kamera pa galimoto, boneti yotsegula]

Akuluakulu, takulandiraninso. Lero tikuika eyakoni mu Peugeot 504 iyi, yomwe inachoka ku fakitale ilibe. Musachoke, chifukwa pa sitepe yachisanu pali bodza lomwe likudyera anthu ndalama chaka ndi chaka, ndipo lero tilikwirira. Amene simunadine subscribe, dinani pompano, ndi kabelu komwe.

504 inayamba kupangidwa ku France mu 1968, ndipo ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza kuimanga mpaka zaka za m'ma 2000. Kulimba kokha ndi yolimba. Koma tatsikani nayo ku Chikwawa kulowera ku Nchalo mu Okutobala, kutentha kutadutsa madigiri 40, muone ngati mawindo otsegula angakupulumutseni.

Mwachidule kwambiri: kompuresa imapanikiza gasi, kondensa kutsogolo kwa rediyeta imamuziziritsa mpaka asanduke madzimadzi, draya imagwira chinyezi, valavu imamulowetsa pang'onopang'ono mu evaporator pansi pa dashibodi. Mmenemo amawira, poti gasi wa eyakoniyu, R134a, amawira pa madigiri 26 pansi pa ziro, n'kuyamwa kutentha kwa m'galimoto. Akatero amabwerera ku kompuresa, ulendo n'kuyambiranso. Mawu akuti amabwererawo muwasunge.

Sitepe yoyamba, zogula. Makiti otchuka a ku America, monga a Vintage Air ya ku Texas, amapangidwira ma Camaro ndi ma Mustang, chiwongolero kumanzere. Ife timagula ya universal, yopachika pansi pa dashibodi. Kompuresa tengani Sanden SD5H14, imene amakaniko amangoti 508. Mukatola yakale ku sikirapu, mwina inkayendera gasi wa R12, amene anayamba kuthetsedwa ndi pangano la ku Montreal la 1987. Oyilo wake sagwirizana ndi R134a. Mukhuthuleni yense, muthire wa PAG.

Yachiwiri, bulaketi yogwirizira kompuresa pa injini. Apa ndi pamene pali thukuta. Injini ya 504 ndi yopendekera mbali imodzi, ndiye bulaketi yogula simuipeza msanga, mupite kwa wowotcherera.

[Kamera pafupi ndi mapule]

Taonani. Ndagoneka chitsulo chowongoka pa pule ya injini ndi ya kompuresa. Chikhudze mbali zonse, pasaoneke kuwala pakati. Zikasemphana ngakhale pang'ono, lamba amalira, amadyeka m'mphepete, tsiku lina mudzamupeza ali pansi pa msewu.

Yachitatu, kondensa ya parallel flow, yaikulu kwambiri imene ingakwane kutsogoloko, ndi fani yamagetsi. Rediyeta muitsukitse kaye, chifukwa tsopano izilandira mphepo yotentha kale. Altaneta yakale siingakwanitse fani ndi bulowa (yopemerera mphepo m'kati mwa galimoto) pamodzi, ikani yamphamvu, relay ndi fyuzi zikhalepo. Ikaninso switch ya trinary, imene imadula kompuresa presha ikakwera kwambiri.

Yachinayi, mapaipi a nambala 6, 8 ndi 10, ma O-ring obiriwira aja, opakidwa oyilo pang'ono. Draya muitsegule pomaliza penipeni. Kapaipi kotaya madzi katulukire pansi pa galimoto, apo ayi amayi akunyumba azitsika ndi nsapato zonyowa, mlandu wake sindikakuyankhirani.

Mndandanda wa zonsezi ndauika mmunsimu, pamodzi ndi link ya gulu lathu la WhatsApp.

Tsopano yachisanu. Khalani pansi.

Mumakomenti mwadzaza funso limodzi: «Bwana, gasi amatha pakapita miyezi ingati?» Wina analemba kuti chilimwe chilichonse amakathiritsa, ndipo amauza mnyamata wothira kuti awonjezere kabotolo kena kuti izizire kwambiri. Achimwene, pepani, mukuberedwa kawiri.

Gasi si petulo. Sapsa, sagwiritsidwa ntchito n'kutha. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka, ndi zija ndinati musunge. Firiji ya kunyumba kwanu munaithirapo gasi chaka chilichonse? Inde, galimoto imagwedezeka, ili ndi mapaipi a labala ndi silo ya pa shafiti ya kompuresa, ndiye pakapita zaka zambiri pang'ono pamatayika. Koma ngati miyezi ingapo yokha eyakoni yasiya kuzizira, pali pobooka. Wothira gasi osafufuza pobookapo akudzikonzera kasitomala wa chaka chamawa.

[Kamera pa joini ya paipi]

Onani apa, paipi iyi ndaichotsa pa galimoto ina. Pamene chitsulo chaluma labala pali kadontho kakuda, konona, fumbi litamatirira. Gasi akamathawa amatuluka ndi oyilo, fumbi n'kudzakhalapo. Pakani madzi a sopo, muona thovu likufufuma. Ena amagwiritsa ntchito utoto wowala ndi nyali ya UV, kapena naitrojeni. Konzani pamenepo kaye.

Nanga zoti gasi wambiri ndiye kuzizira kwambiri? Izi ndiye zimandinyansa. Kondensa imafuna malo oti gasi wotentha ataye kutentha. Mukadzaza mopyola muyeso, madzimadzi amadzaza m'kondensamo, malo aja n'kuchepa. Presha imakwera, kompuresa imavutika, injini imayamba kutentha, switch ya trinary ija imadula presha ikafika cha m'ma 400 psi. Mphepo ya m'kati imayamba kufunda, mwini galimoto n'kuganiza kuti gasi wachepa, n'kukawonjezeranso! Zikafika poti madzimadzi abwerera mu kompuresa, mavalavu ake amasweka, chifukwa madzi sapanikizika.

Gasi amathiridwa pa sikelo. Botolo pa sikelo, muwerenge kulemera kwake, muthire muyeso wolembedwa pa pepala la kiti yanu. A Vintage Air amalemba mapaundi 1.8, omwe ndi magalamu 800 ndi pang'ono. Yanu ingasiyane, werengani. Zogwira paipi ndi dzanja n'kumati «yakwana» zisiyeni.

Ndipo musanathire, vacuum. Pampu iyamwe kwa mphindi 30 mpaka 45, kenako tsekani mavalavu, muyang'ane muvi wa geji. Ukabwerera, penapake pakulowa mpweya. Vacuum imachotsa mpweya wamba, umene umakweza presha, komanso chinyezi, chimene chimauma ngati ayisi pa valavu n'kutseka njira. Eyakoni yozizira mphindi khumi, kusiya, kenako kuyambiranso yokha, kawirikawiri vuto lake ndi limeneli. Wothira gasi alibe pampu ya vacuum? Lizani galimoto muzipita.

China, ndipo apa sindikuseka. Alipo amene amathira gasi wophikira poti ndi wotchipa. Kuzizira amazizira ndithu. Koma gasi ameneyo amayaka, ndipo evaporator ili m'kati mwa galimoto, pamwamba pa mawondo anu, pafupi ndi mawaya a zaka 40. Vidiyo ino muitumize kwa mnzanu amene anachita zimenezi.

Yachisanu ndi chimodzi, mwachangu poti nthawi yatithera: tsekani mabowo a pakati pa injini ndi mokhala anthu, yalani insulation pansi pa kapeti, sinthani malabala a zitseko. Kupanda apo mukuziziritsa msewu wonse wa M1.

Lizani injini, bulowa pakatikati, thermometer pa vent. Zonse zikakhala bwino izitsika pansi pa madigiri 10. Lembani mumakomenti galimoto imene mukukonza, a Datsun 1200 ndakuonani, a Land Cruiser musadandaule. Vidiyo yotsatira tikusintha altaneta ya 504 yomweyi, waya ndi waya. Like ija musaiwale.