Munthu amene anapereka chingwe kwa anzake

Zikomo amayi, zikomo abambo, ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyoko. Ndiyamba ndi munthu mmodzi, ndipo ndimutchula dzina, chifukwa tikamangoti "ngwazi, ngwazi" osanena kuti ndani, mawuwo amangopita ndi mphepo.

Pa 13 Januwale 1982, ndege inagwera mumtsinje wa Potomac ku Washington, m'dziko la America. Kunkazizira koopsa moti madzi anali ataundana. Anthu 6 okha ndi amene anaoneka pamwamba, atakangamira chidutswa cha kumchira kwa ndegeyo. Helikopita itafika inaponya chingwe, ndipo chinagwera kwa bambo wina dzina lake Arland Williams. Iye anachipereka kwa mnzake. Helikopita ija inakatula munthuyo kumtunda, n'kubwerera, n'kuponyanso. Anachiperekanso kwa wina. Pamene inkabwera komaliza kuti idzatenge iyeyo, chidutswa chija chinali chitamira naye. Anzake 5 aja anapulumuka onse.

Taganizani manja ake, abale anga. Zala zauma ndi kuzizira, thupi likunjenjemera, chingwe chakugwera m'manja, ndipo ukudziwa kuti moyo wako ndi chingwe chomwecho. Kenako n'kuchitambasulira munthu amene ngakhale dzina lake sukulidziwa. Ine ndikafika pamenepa mtima umandiwawa. Lero mlatho wina wa pamtsinjewo umatchedwa ndi dzina lake.

Enanso amafa mwakachetechete, popanda makamera. Mu Julayi 2014 munthu wina wochokera ku Liberia anafika ku Lagos, ku Nigeria, akudwala kwambiri. Dokotala amene ankamuona, mayi Ameyo Stella Adadevoh, anaganiza kuti ndi Ebola ndipo anakanitsitsa kumutulutsa m'chipatala, ngakhale panali anthu omukakamiza kutero. Mayiyu anatenga matendawo ndipo anamwalira pa 19 Ogasiti chaka chomwecho. M'dziko lonse la Nigeria anadwala anthu 20 okha, n'kumwalira 8. Wodwala uja akanalowa m'misewu ya mzinda wa anthu mamiliyoni ngati umenewo, maliro ake tikanawawerenga bwanji?

Tsono ndifike pa chimene ndaimirira pano. Kutcha mlatho dzina la munthu n'kwabwino, kumanga chipilala n'kwabwinonso, sindikutsutsa ayi. Koma munthu wofera anzake amasiya anthu kunyumba. Tsiku la maliro tonse timamutama, timalira, ena amalankhula mpaka mawu kusasa. Patatha miyezi itatu, amene amagogoda pakhomo la mayi wamasiye uja ndi ndani? Mwana wake akabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, alipo mwa ife amene amakumbuka kuti bambo ake anafera ana a eni?

Pali munthu wina amene anaiona nkhaniyi. Mu Januwale 1904, mgodi wa malasha unaphulika ku Harwick, m'chigawo cha Pennsylvania ku America, ndipo anthu 181 anafa. Awiri mwa iwo sanali mumgodimo pamene unkaphulika, anachita kulowa okha kuti akatulutse anzawo. Munthu wachuma, Andrew Carnegie, atamva za awiriwa anapatula madola 5 miliyoni n'kukhazikitsa thumba lotchedwa Carnegie Hero Fund. Thumbali limapereka mendulo, inde, koma limathandizanso akazi amasiye ndi ana, kuphatikizapo kuwalipirira maphunziro, ndipo likugwirabe ntchito mpaka lero.

Ife mamiliyoni tilibe. Koma mayina tili nawo, ndipo makomo a anthu osiyidwawo tikuwadziwa. Mwina mukudziwa wina amene analumphira m'madzi kukavuula mwana iye osatulukanso, kapena namwino amene anatenga matenda posamalira odwala. Tisanabalalike ndikupempha kuti amene akudziwa munthu wotere aimirire, atiuze dzina lake ndi amene anawasiya. Alembi, tengani cholembera. Amayi mwakweza dzanja apo, yambani ndinu.