Mlamu, za chakudya cha bambo zija

Mlamu, mwaswera bwanji? Ndayesa kuimba kawiri koma foni yanu sikulowa, ndiye ndangoti ndijambule mawuwa, mumvera mukapeza mpata. Ndamva kuti bambo awatulutsa ku chipatala cha Central dzulo, komanso kuti akumatsamwa akamamwa tiyi. Zimenezi ine ndinakhala nazo zaka ziwiri apongozi anga atadwala sitiroko, ndiye mvetserani.

Tiyambe ndi madzi, chifukwa ndi pamene ine ndinalakwitsa. Ndinkaopa nyama, madzi n'kumangowapatsa m'kapu yodzadza. Chonsecho oopsa ndi madziwo. Munthu wa sitiroko pakhosi pamachedwa kutseka njira ya mpweya, ndiye madzi poti amathamanga, amalowera m'mapapo. Pakapita masiku mumangoona thupi latentha, chifuwa chayamba, kuchipatala akuti chibayo. Ena satsokomola n'komwe, zimangolowa mwakachetechete. Choncho akameza muziwafunsa kanthu kuti ayankhe. Mawu akamamveka ngati muli madzi kukhosi, kapena m'maso mukalengeza misozi, imani kaye, apume. Ife tiyi tinkamusakaniza ndi phala losefa mpaka alimbe ngati yogati yakumwa ija. Koma kalimbidwe kake mukafunse a fiziyo, achipatala ochititsa mafizo aja, tsiku lokawaonetsanso kuchipatala, poti odwala amasiyana. Thobwa losasefa ayi, timisere tija timatsalira pakhosi. Buledi woviika mu tiyi ayinso, chifukwa m'kamwa mumakhala zinthu ziwiri, chamadzi n'kutsogola chokha.

Tsono phala. Musawapatse phala la ufa woyera lamadzimadzi m'mawa, masana, madzulo, adzatha ngati sopo. Munthu amene akudya masupuni ochepa, supuni iliyonse izikhala ndi kanthu. Tengani mgaiwa wosefa kawiri kapena Likuni Phala, thirani nsinjiro, supuni imodzi ya mafuta ophikira, mkaka ngati ulipo. Masiku ena menyani dzira n'kulithira phala likadali pamoto, muzitakasa mpaka lipse bwinobwino. Likazizira pang'ono liyeseni chonchi: tapani pasupuni, pendeketsani. Lizigwa lonse kamodzi, kuti phwa. Likamadontha ngati madzi lachepa ufa, likakakamira pasupuni lalimbitsa, lidzakakamiranso kukhosi.

Nsima ndiye mulimbana nawo, ndikuwadziwa bambo, tsiku lopanda nsima amati agona ndi njala. Aphikireni yofewa, muiphwanye mu msuzi wolimba mpaka pasakhale chibuluma. Chipere ndiye bwenzi lanu: viikani nyemba, sendani makoko, phikani mpaka zisungunuke, takasani ndi mthiko. Maungu, mbatata yophika yothira nsinjiro, peyala, nthochi yakupsa kwambiri, zonsezi foloko yokha imakwanira. Bulenda musavutike nayo, magetsi akewa ati? Ine ndinkagwiritsa ntchito kamtondo ndi sefa basi. Usipa muukazinge pang'ono, sinjani ukhale ufa, sefani minga, muzithira mu ndiwo zawo. Nkhwani uli ndi mitsitsi, uzidutsa pasefa. Mpunga, mtedza wokazinga, chimanga chootcha, mandasi, zimenezo zidikire kaye, ngakhale alendo abwere nazo m'jumbo.

Podya asagone, ngakhale anene kuti atopa. Akhale tsonga pampando, pilo mbali yofookayo, chibwano chisaloze kumwamba. Ngati akuodzera, dikirani adzuke bwino. Wailesi zimitsani, adzukulu akasewere panja, chifukwa akangocheuka chakudya chili m'kamwa, basi atsamwa. Mugwiritse ntchito kasupuni ka tiyi, ndipo muziyang'ana pakhosipa pakwere n'kutsika musanapereke ina. Inu khalani pansi moyang'anizana nawo, osawadyetsa mutaimirira ngati mukuthamangira minibasi. Apongozi anga mbale imodzi inkatitengera mphindi 40, phala n'kuzizira, ine n'kukatenthetsanso. Bola kudya pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku.

Akamaliza yang'anani m'tsaya la mbali yodwalayo. Tsiku lina ndinapezamo nsima ya masana nthawi ya 4 koloko, eni ake osadziwa. Atsukeni m'kamwa ndi mswachi wofewa m'mawa ndi madzulo, ndipo akhalebe tsonga mphindi 30 asanakagone.

Mapiritsi musangophwanya, ena saphwanyidwa, kafunseni ku famase komwe munalandira mankhwalawo. Muziyang'ananso mkodzo, ukayamba kufiira ndiye kuti zakumwa zikuchepa. Thupi likatentha, akamapuma mobanika, kapena akakana chakudya tsiku lonse, musadikire kuti kuche, pezani galimoto mubwerere nawo kuchipatala.

Loweruka ndikwera ya ku Kawale, ndibwera ndi sefa yanga yaing'ono ija ndi nsinjiro, tidzaphikire limodzi muone kalimbidwe kake ndi maso. Achimwene muwauze nawonso adzakhalepo, aphunzire kudyetsa bambo awo, inu nokha simungathe. Bandulo ikutha, apatseni moni bambo.