Nyemba zikadali pamoto

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Mawu athu m'mawa uno ndi Zekariya 4:10, paja pakufunsidwa kuti ndani wapeputsa tsiku la tinthu tating'ono. Chonde musalipeputse. Musaphule nyemba zisanapse.

Sabata ino yandilemera. Udindo umene ndakhala ndikuupempherera kuntchito apatsa munthu wobwera pambuyo panga, ine ndikadali wotumidwa kukajambulitsa mapepala ndi kuyala mipando ya msonkhano. Tulo takhala tikuvuta, ndipo m'maola amenewo mtima wanga wakhala pa Scottie Pippen, yemwe anali katswiri wa masewera a basketball ku America.

Ambiri timamudziwa ali kale pambali pa Michael Jordan ku Chicago Bulls, komwe anatenga zikho 6 za NBA, ligi yaikulu ya basketball ya kumeneko, pakati pa 1991 ndi 1998. Koma mu 1983 anali mnyamata wowonda wa ku Hamburg, katauni ka ku Arkansas, mzime m'banja la ana 12, bambo ake akuyendera njinga ya olumala chifukwa cha sitiroko. Makoleji otchuka pa basketball sanamuyang'ane n'komwe. Mphunzitsi Don Dyer wa University of Central Arkansas, sukulu yomwe inkasewera m'ligi ya makoleji ang'onoang'ono ya NAIA, ndiye anamulandira, koma ngati wosamalira katundu wa timu. Mipira, majezi, matawulo a thukuta la anzake. Atapatsidwa mpata wosewera, chaka choyamba ankangopeza mapointi 4.3 pa gemu.

Apa mphika unali utatereka kale, ngakhale panalibe womva fungo. Anafika ali wamtali mamita 1.85, komwe ndi kufupika pa masewera a basketball, ndipo pokhala wamfupi choncho anali atazolowera kuyendetsa mpira ndi kugawira anzake. Ali pakolejipo thupi linakula mpaka kupyola mamita 2, koma luso la ufupi lija silinamuchoke. Munthu wamtali wodziwa kuyendetsa mpira ngati wamfupi, ndicho chinamusiyanitsa ndi ena. Zaka zimene ankaoneka wochepa ndi zimene zinamupatsa chimenechi. Chaka chomaliza ankapeza mapointi 23.6 pa gemu, ndipo mu 1987 anasankhidwa wachisanu kulowa mu NBA. Anamusankha ndi a Seattle, n'kumupereka ku Chicago.

Nanga ife? Nyemba zikangochedwa timavundukula mphika kosalekeza, nthunzi n'kumathawa. Ena timathiramo soda kuti zifewe msanga: kaziphuphu, kamiseche kwa abwana, kudetsa mbiri ya mnzathu amene wakwezedwa. Zimafewadi, koma kukoma kumapita. Mlongo wanga, m'bale wanga, siyani sodayo. Ntchito yanu ndi kusonkhezera moto ndi kuonjezera madzi, ndiwo mapemphero ndi kugwira mokhulupirika kantchito kamene mukukaona konyozekako. Nthawi yophula aidziwa ndi Mwini mphika.

Zikupweteka, inenso zikundipweteka m'mawa uno. Komabe mapepala aja ndikawajambulitsa bwino, ndipo mnzanga wokwezedwayo ndikamupatsa moni wochokera pansi pa mtima. Inunso musaphule.

Tipemphere. Atate, kumbukirani onse amene adzuka lero kukanyamula matawulo a ena, amene mayina awo sanatuluke pa mndandanda, amene makalata awo ofunsira ntchito sanayankhidwe. Tichotsereni nsanje, tipatseni mphamvu ya tsiku la lero. M'dzina la Yesu, Ameni.