Makalata a omvera: singano yolowa muubongo dokotala akuiona

Takulandiraninso, omvera athu. Makalata abwera ambiri sabata ino, koma ya mayi wina wa ku Mulanje yandisowetsa tulo.

Akuti: "Mwana wanga wa zaka 9 wakhala akutuluka mafinya kukhutu chaka chathunthu. Mwezi watha mutu unayamba kumuwawa kwambiri, akusanza, kenako dzanja linafooka. Atamujambula pa CT scan anati ali ndi chithupsa muubongo, akufuna kuboola chigaza. Apongozi akundiletsa kusayina, ati dokotala angadziwe bwanji polasa m'mutu motseka?"

Pepani mayi, mtima wanu ndikuumva. Funso la apongozi ndi lanzeru, ndipo yankho lilipo. Dokotala salasa mongolota ayi. Chithunzi cha CT chimamuuza pamene chithupsa chakhala, kukula kwake ndi kuya kwake. Akatero amaboola kabowo kakang'ono pachigaza. Pamene zida zilipo, amaikapo kachipangizo ka ultrasound, mtundu womwe uja amaunikira amayi oyembekezera, kungoti aka nkakang'ono. Pa sikirini chithupsa chimaoneka, singano imaonekanso ikulowa, mpaka mafinya akamakokedwa thumba lija nkumaphwa iye akuyang'ana. Ubwino wake ndi uwu: ubongo ndi wofewa, umasuntha pang'ono akangoboola kapena mafinya akayamba kutuluka, choncho chithunzi cha dzulo sichinena zonse za lero. Kwa makanda nkosavuta kwambiri, amaunikira paliwombo pomwe.

Chithupsa chikapitirira masentimita 2.5, nthawi zambiri mankhwala okha sakwanira. Mafinyawo amapita ku labotale kuti adziwe kachilombo kake, ndipo mwana amalandira maantibayotiki pafupifupi milungu 6. Opaleshoni iliyonse ili ndi chiopsezo, sindikubisirani, koma chithupsa chosiyidwa chimapanikiza ubongo, chikhozanso kuphulikira mkati. Atengeni apongoziwo, akadzifunsire okha kwa dokotala kuti adzagwiritsa ntchito zida ziti. Mwina akaona sikirini ija adzapempha kuti awaunikenso bondo lawo! Koma musachedwe, mayi, chonde.

Pano mundilole ndidzudzule pang'ono. Iyi ndi kalata yachitatu mwezi uno yonena za khutu la mafinya. Abale anga, tazolowera kupukuta ndi kansalu nkumati adzasiya akakula. Ena kuthiramo mafuta ophikira, ena madzi a masamba. Pakati pa khutu ndi ubongo pali kafupa kopyapyala, matenda akakhalitsa amadutsa. Dzino lowola ndi mafinya a m'mphuno osatha zimachitanso chimodzimodzi. Khutu likatha masabata awiri likutuluka, thamangani kuchipatala.

Bambo a ku Dedza, mwafunsa ngati timatumba ta nyongolotsi ya nkhumba ta muubongo timene tikuwagwetsa khunyu achimwene anu timafunanso singano. Kawirikawiri ayi, amapereka mapiritsi monga albendazole pamodzi ndi oletsa kugwa. Ndipo mazira a nyongolotsiyi amachokera m'chimbudzi cha munthu nkulowera m'kamwa, ndiye sambani m'manja ndi sopo.

Achemwali a ku Mzimba, mwafunsa ngati ultrasound ndi yoopsa: ilibe cheza cha X-ray, musaope.

Agogo a ku Nkhotakota, moni wanu wafika, ndipo nyimbo mwapemphayo ikubwera pompano. Mayi a ku Mulanje, mudzatilemberenso mwanayo akatuluka m'chipatala.