Mazira a kunsi kwa tsamba: dziwani mwini wake musanawaphwanye

Moni kwa inu nonse amene mukutionera ku Mbare, Mufakose, Epworth ndi madera ena a Harare. Lero tikambirana za timazira timene mumatipeza kunsi kwa masamba a covo (ndiwo zamasamba za mtundu wa kabichi), repu, nkhwani kapena chimanga, makamaka mvula ikayamba mu Novembala. Pempho lathu ndi lakuti musathamangire kupopera mankhwala musanadziwe mwini wa mazirawo, chifukwa ena ndi a tizilombo timene timakutetezerani dimba.

Yang'anani chithunzi choyambachi. Mazira achikasu awa, otalikirapo ndi oimirira pamodzi m'kagulu, kawirikawiri amakhala a kachikumbu kofiira ka madontho akuda, kamene kamadya nsabwe za m'masamba. Kamaikira dala pafupi ndi nsabwezo kuti ana ake akaswa apeze chakudya pomwepo, choncho mukaona mazira otere pa repu wodzaza nsabwe, asiyeni. Komabe pali msampha umene alimi ambiri amagweramo. Kachikumbu kena ka banja lomweli, kotchedwa Epilachna, sikadya nsabwe koma masamba a maungu ndi mbatatesi, ndipo mazira ake ndi achikasu chimodzimodzi. Kusiyana kwake mudzakuona pa zimene zawazungulira: ngati palibe nsabwe, ndipo tsamba lakukutidwa mpaka kutsala mitsempha yokha, amenewo ndi a mdani. Ana ake ndi achikasu okhala ndi timinga, pamene ana a kachikumbu kothandiza kaja ndi akuda, ataliatali, ndipo amayenda mofulumira.

Mazira a chithunzi chachiwiri savuta. Dzira lililonse limakhala pamwamba pa kaulusi kowonda kwambiri, ndipo mwini wake ndi kachilombo kobiriwira ka mapiko oonekera mkati, kotchedwa lacewing. Ana ake nawonso amadya nsabwe, choncho musawakhudze.

Pa chimanga m'pamene tikufuna kuti mutchere khutu, makamaka inu amene mumalima m'timinda ta m'mphepete mwa misewu ndi mtsinje wa Mukuvisi. Mukaona chigamba chotuwa chooneka ngati thonje lakuda ndi fumbi chitamatirira pa tsamba, amenewo ndi mazira a mbozi ya fall armyworm, imene inachokera ku America ndi kupezeka mu Africa m'chaka cha 2016. Gulugufe wake wouluka usiku amaikira mazira 100 mpaka 200 pamalo amodzi n'kuwaphimba ndi ubweya wa m'thupi lake, ndipo kukatentha amaswa m'masiku awiri kapena atatu okha. Apa palibe chodikira, aphwanyeni ndi zala nthawi yomweyo, chifukwa mbozizo zikangolowa mu mtima wa chimanga, ngakhale mankhwala amavutika kuzifikira. Kwa munthu wa munda waung'ono, kuyendera chimanga kawiri pa sabata kumapulumutsa zambiri kuposa botolo la mankhwala logulidwa mochedwa.

Nunkhadala wobiriwira amaikira mazira ooneka ngati timigolo, oyalidwa m'mizere yolongosoka bwino pa nyemba ndi tomato. Akakhala otuwira kapena achikasu, achotseni. Koma akasanduka akuda bii, nthawi zambiri ndiye kuti kamavu kakang'ono kaikira mazira ake mkatimo, ndipo chimene chidzatulukemo ndi kamavu kena kopha nunkhadala.

Pali ena amene simungawaone mosavuta ndi maso. Mazira a kagulugufe kakang'ono kotchedwa Tuta absoluta pa tomato safika ngakhale theka la milimita, ndipo amaikidwa limodzilimodzi, kotero chimene mungazindikire msanga ndi zigamba zoyera m'kati mwa tsamba, momwe mbozi yadya.

Nanga mukapeza mazira amene sakufanana ndi onsewa? Dulani kachidutswa ka tsambalo, kaikeni m'botolo louma, tsekani pakamwa ndi nsalu yopyapyala, ndipo muliike pamthunzi. Pakadutsa masiku ochepa mudzaona chotulukamo, ndipo mukachiikira tsamba latsopano mudzadziwa ngati chimadya mbewu. Mukafuna kufunsa mlangizi wa zaulimi wa boma, jambulani mazirawo ndi foni mutaika mutu wa machesi pambali pake kuti kukula kwake kuoneke, ndipo mutchule mbewu imene mwawapezapo ndi mbali ya tsamba imene anali.