Pepala limenelo si lomaliza, achemwali

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Ndaimba kawiri osalowa, kaya ndi netiweki yanu kaya yakuno, ndiye ndangoti ndijambule mawu. Mumvere mpaka kumapeto, musadule pakati ngati tsiku lija.

Nkhani ndi ya mwana wanuyu. Dzulo watulukira kuno ku Mufakose, mu Harare muno, ndi pepala lake la kukhoti lija, mano onse pamtunda, amvekere amalume banja linatha, tiyeni tikonze za ukwati wanga watsopano mu Ogasiti. Ine kuvala magalasi, pamwamba palembedwa decree nisi. Thupi lonse linangoti zii. Limenelo ndi pepala loyamba chabe, achemwali. Lamulo lathu la maukwati la 2015 limati khoti likagamula koyamba padutse miyezi 6, kenako munthu akatenge lachiwiri, decree absolute, ndipo lothetsa banja ndi limenelo. Miyeziyo amaisiya dala, mwina anthu n'kubwererana, mwina wina ali ndi dandaulo. Lake linatuluka mu Meyi. Werengani ndi zala, mufika Novembala. Panopa make ana uja akadali mkazi wake, olo ankhoswe anakhala pansi n'kuwasudzula, olo anagawana mapoto ndi mphasa.

Ndiye ndikumva kuti mwadulitsa kale nsalu ya yunifolomu, amayi a kumpingo ayamba kusonkha. Anakuthamangitsani ndani? Bwanji osandifunsa kaye ine amene ndili naye kuno?

Paja ukwati woyamba uja anakamangitsa kwa DC, wa mkazi mmodzi. Akatenga wina uwo usanathe ndi mlandu, kumudziko mpaka zaka 5 kundende. Iye akuti ndikakwatirira ku Harare andidziwa ndani. Ha! Kunonso ndi mlandu womwewo. Ukwati umene akuufunawo, anthu akuno amautchulabe kuti 5.11 ngakhale lamulo linasintha mu 2022, nawonso sulola mitala. Komanso iyeyu kuno ndi mlendo, akamufunsa kalata yochokera kwawo yosonyeza kuti sali pabanja. Akaitenga kuti?

Atasowa poyankha analowa za a Bushiri, akuti onani anachoka ku Joni mu Novembala 2020 ali pa belo, anabwererako? Ndinati mphwanga khala pansi. Mayiko a SADC anasainirana pangano mu 2002 lobwezerana anthu othawa milandu, malire si mpanda wobisalako. Nkhani ya a Bushiri yayenda m'makhoti a ku Lilongwe zaka ndi zaka, maloya ali pambali. Iwe wogulitsa matchaja a foni pa Mbare Musika, loya ukamulipira chiyani? Ndipo iwe sangavutike n'kukutumiza kwina, angokumanga konkuno.

Mukuwakumbuka mayi a ku Mangochi aja, oyandikana nafe, amene anakupatsani chitenje mutabwera? Amuna awo anatisiya mwezi wathawu. Ali pa eda, miyezi 4 ndi masiku 10, sakutuluka, ndiwo akuwagulira ndi ana. Palibe wapolisi akuwalondera, n'zachipembedzo chawo basi, koma akudikira. Wanuyu miyezi 6 yamukanika. Maliro a amuna a mayiwo anali aakulu, machona onse a ku Highfield ndi Mbare anabwera, Chichewa ndi Chiyao zokhazokha, ndinangoona ngati ndili pa Lunzu tsiku la msika. Ndinalira, koma kunena zoona sindinkalira malemuwo ayi. Mukamabwera musaiwale usipa, matemba a ku Kariba ndatopa nawo. Ndi mpunga wa kilombero pang'ono, wosapitirira, a pa Nyamapanda aja angakuvutitseni.

Ndimanena chiyani paja? Eya, tsiku. Pepala lachiwirilo silibwera lokha, pafunika kukalipempha kukhoti komwe kuja Novembala akakwana. Alamu anu a ku Ndirande ali ndi nambala ya mlandu, ayambe kufunsa msanga ngati mwini wake afunika kuonekera. Ngati afunika, ndimukweza ndekha basi pa Roadport. Ndipo musanditumizire chithunzi pa WhatsApp ayi, lenileni lachidindo libwere m'manja mwa munthu. Likafika, kutchalitchi alengeze masabata atatu, ndiye kuti ukwati ndi wa Disembala, kuposa apo palibe. Mvula idzakhala itayamba, tidzabwereka tenti.

Chikundisowetsa tulo ndi akuchikazi. Anthu akuno sachita chikamwini ngati ife, amalowola, ng'ombe ndi madola, ndipo nkhoswe wawo, amati munyai, ndinamugwira kale dzanja n'kumuuza kuti mwana wathu alibe mangawa. Ine zaka zonsezi kuno sindinanamizepo munthu. Loweruka ndipita ndekha ndikawauze zoona, ndipo mpaka pepalalo litafika sitiperekanso kobiri.

Telala muuzeni aimitse kaye. Ana aja ali kwa ndani, kwa mayi awo kapena kwa inu? Mundiyankhe usiku, magetsi athima kuyambira m'mawa, foni yatsala pang'ono kuzima.